Mwana amene anamutcha Mlendo

Khala pansi, mdzukulu wanga. Sendera kuno, mphasayi ndi yaikulu. Usayang'ane kunjira, palibe akubwera. Ana aja ndawatuma dala kuti titsale awiri.

Ndamva zimene unayankhula dzulo pakhola. Usandifunse kuti wandiuza ndani. Munakangana za ng'ombe ziwiri ndi ngolo zimene anasiya malemu bambo ako. Kukangana sikundidabwitsa, matako saleka kuperesana. Koma iwe unapitirira malire. Unawauza achimwene ako, anthu akumva, kuti iwo si mwana wa pakhomo pano. Unati anabwera ali m'mimba.

Sindikukalipira. Ndikufuna ndikusimbire za banja lina lakutali. Ndinaliwerenga ndikuphunzitsa sukulu, imvi zisanamere, ndipo silinandichoke m'mutu mpaka lero. Anyamata a masiku ano mumati tsabola wakale sawawa. Lawa kaye uyu.

Dziko lake ndi Mongolia, kumpoto kwa China. Ndi dziko la udzu, la mphepo ndi chisanu choopsa. Anthu ake ankaweta akavalo, nkhosa, ng'ombe ndi ngamila, n'kumasamuka ndi mahema awo kutsata msipu. Kumeneko mwana amatsata bambo, osati mbumba ya amayi ake monga timachitira Achewafe. Ukakayikira bambo wa munthu ndiye kuti wamulanda zonse. Wamulanda dzina, ziweto, ndi pokhala pabwalo. Gwira zimenezi, uzifuna kutsogoloku.

Eni ake amasimba kuti mafumu awo anachokera kwa mayi wina dzina lake Alan Gua. Mayiyu anabereka ana aamuna awiri ndi mwamuna wake, Dobun Mergen. Mwamunayo anamwalira. Mayi uja sanakwatiwenso, komabe anabereka ana aamuna ena atatu. Iye ankati usiku kunkalowa kuwala kudzera pachibowo chotulukira utsi pamwamba pa hema. Ana aakulu awiri aja sanakhulupirire. Anayamba kunong'onezana kuseri kuti atatuwo ndi a wantchito wa pakhomo.

Mayiyo anamva. Sanafuule. Anaphika nyama ya nkhosa, nakhazika ana onse asanu pamzere. Anapatsa aliyense muvi umodzi kuti athyole, ndipo anathyola mosavuta. Kenako anamanga mivi isanu pamodzi n'kuwapatsa mmodzimmodzi. Inawakanika onse. Apo ndipo anawakumbutsa kuti onse asanu anatuluka m'mimba imodzi. Mutu umodzi susenza denga. Iwonso ankazidziwa.

Ukuganiza kuti anamvera? Ayi. Mawu a akulu amakoma akagonera. Mayiyo atangotsikira kulichete, anayi anagawana ziweto zonse. Wamng'ono, Bodonchar, sanamupatse kanthu, ati ndi chitsiru. Anakwera kavalo wazilonda pamsana n'kulowera kumtsinje wa Onon. Kumeneko anagwira kabawi, namuphunzitsa kusaka, n'kumadya zimene mbalameyo yagwira. Ameneyutu, womanidwa gawo, wonong'onedwa kuseri, ndiye kholo la fuko la Borjigin. M'fuko limenelo, patapita mibadwo pafupifupi khumi, ndimo munabadwa Genghis Khan. Tsinde lenileni la ufumu wonsewo ndi mwana amene abale ake ankafunsa za bambo ake. Anthu amaiwala kumene achokera, mdzukulu wanga, ndipo banja limeneli linaiwalanso.

Tsopano tibwere pafupi. Panali munthu wa fuko lomwelo, Yesügei. Tsiku lina akusaka m'mbali mwa Onon anaona mnyamata wa mtundu wa Merkit, dzina lake Chiledu, akupita kwawo ndi mkwatibwi wake. Yesügei anasirira. Anaitana abale ake, nathamangitsa mwini mkazi, n'kumutenga mtsikanayo. Mtsikanayo ndiye Hoelun. Tsiku limenelo Yesügei anaona ngati wapata. A Merkit anangokhala chete. Koma mlandu suola.

Hoelun anabereka mwana wamwamuna cha m'ma 1162, namutcha Temüjin. Mwanayo atafika zaka pafupifupi zisanu ndi zinayi, bambo ake anapita naye kukamufunira mbeta. Anamupeza Börte, mwana wa Dei Sechen wa mtundu wa Onggirat. Anamusiya mnyamatayo komweko, ngati kamkamwini. Pobwerera Yesügei anapatukira kwa a Tatar amene ankadya panjira. Anali adani ake akale, ndipo anamuzindikira. Anamuthirira chiphe m'chakudya. Anafika kwawo akudwala, osadzukanso.

Apa ndipo pamaoneka mtima wa achibale. A Tayichiud, omwe anali a magazi amodzi ndi malemuyo, anapasula mahema awo n'kusamuka. Mkazi wamasiye anamusiya pabwinja ndi ana. Nkhalamba ina imene inayesa kuwaletsa anaibaya ndi mkondo. Hoelun anamanga lamba m'chiuno. Anakumba mizu, natola zipatso zakutchire. Ana ankawedza nsomba mu Onon, chakudya chimene oweta ziweto ankachinyoza. Anali ndi ana ake asanu, Temüjin, Qasar, Qachiun, Temüge ndi mtsikana Temülün. Panalinso ana awiri a mkazi mnzake, Behter ndi Belgutei. Onsewo ankadyera mbale imodzi. Ufumu umene unadzanjenjemeretsa dziko lapansi unaleredwa ndi mizu yokumba mayi wamasiye.

Koma m'kanyumba ka njala komweko magazi anagwa. Behter ankalanda anzake zimene agwira, tsiku lina kambalame, tsiku lina nsomba. Temüjin ndi Qasar anakadandaula kwa amayi awo, ndipo amayiwo anawakumbutsa za mivi isanu ija. Sanamve. Anamupeza Behter atakhala pakachulu akuyang'anira akavalo. Wina anadzera kumbuyo, wina kutsogolo, namulasa. Asanafe anapempha kuti mng'ono wake Belgutei amusiye. Atalowa m'hema, Hoelun anaona pankhope pawo zimene achita. Anawakalipira ngati zilombo zolusa. Chifukwa cha nsomba, mwanawe. Osati ngolo, osati ng'ombe. Nsomba imodzi.

Ndikuuziretu kuti Temüjin ameneyu sindikumutamanda. Anadzapha anthu osawerengeka, nasandutsa mizinda mabwinja. Koma ngakhale pachulu cha mfiti pamamera bowa. Chilipo chimodzi chimene anachita bwino, ndipo n'chimene ndakuitanira.

Atakula anakatenga Börte. Mkwatibwi anabwera ndi chovala chamtengo wapatali cha zikopa zakuda zaubweya wofewa. Temüjin sanachivale. Anakachipereka kwa Toghrul, mfumu ya a Kereit, amene kale analumbira ubale ndi bambo ake. Anagula nacho mthunzi wobisalamo, ndipo posachedwa anaufuna. A Merkit aja anali asanaiwale. Panali patapita zaka pafupifupi 20. Anabwera m'bandakucha pa akavalo. Temüjin anathawira kuphiri la Burkhan Khaldun, koma Börte anagwidwa. Ukudziwa amene anamupatsa? Mng'ono wake wa Chiledu, yemwe uja analandidwa Hoelun. Timati nkhuyu zodya mwana zimapota akulu. Apa zinatembenuka. Anadya ndi bambo, zinapota mwana, ndipo zinadzapotanso adzukulu.

Temüjin anapita kwa Toghrul ndi kwa bwenzi lake la lumbiro, Jamukha. Anasonkhanitsa nkhondo, nakamulanditsa Börte patapita miyezi. Anabwerera ali ndi pakati. Posakhalitsa anabereka mwana wamwamuna. Anthu anawerenga miyezi pa zala, monga amachitira anthu kulikonse. Temüjin anamunyamula mwanayo, namutcha Jochi. Dzinalo limatanthauza mlendo. Anamulera ngati chisamba chake. Anamuphunzitsa uta, namupatsa asilikali ndi anthu oti aziwalamulira. Börte anakhalabe mkazi wamkulu moyo wake wonse. Temüjin anadziwa kuti mkaziyo sanapite mwa kufuna kwake. Anadziwanso kuti m'mawa uja amene anathawa ndi iyeyo. Pambuyo pa Jochi kunabadwa Chagatai, Ögedei ndi Tolui. Sunga maina anayi amenewa.

Za nkhondo zake sindichedwapo. M'chaka cha 1206, pabwalo lalikulu kumutu kwa Onon, mitundu yonse ya m'dzikomo inamulonga ufumu ndi dzina loti Genghis Khan. Kuchokera apo akavalo ake analowa ku China n'kulowera kumadzulo. Koma ngakhale atakhala mfumu ya mafumu, amayi ake anali amayi ake ndithu. Mlauli wina anamunong'oneza kuti Qasar akufuna mpando. Anamugwira mng'ono wakeyo, namuvula lamba ndi chipewa. Hoelun atamva anakwera ngolo yokokedwa ndi ngamila n'kuyenda usiku wonse. Anafika kukucha. Anamasula Qasar ndi manja ake, nakhala pansi n'kutulutsa mabere, kuti mfumuyo ione pamene onse awiri anayamwa. Munthu woopedwa ndi mitundu anachita manyazi. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Komabe mwamseri anamulanda Qasar anthu ambiri. Mayiyo atazidziwa sanakhalitse. Ana akamalimbana, woyamba kufa ndi mayi.

Tsopano tchera khutu, pakuti apa ndi pamene pali iwe.

Cha m'ma 1219 Genghis Khan ankakonzeka kupita kunkhondo yakutali, kudziko la Khwarazm. Mmodzi mwa akazi ake, Yesui, analimba mtima n'kumufunsa kuti akadzagwa, anthu adzatsata ndani. Mfumuyo inavomera kuti funsolo n'loona. Inasonkhanitsa ana ake ndi nduna. Inatembenukira kwa Jochi kuti ayambe kuyankhula, popeza ndiye wamkulu. Jochi asanatsegule pakamwa, Chagatai analumphira. Anafunsa ngati iwo angalamulidwe ndi mwana wa m'tchire wa a Merkit. Anazinena bambo ake ali pomwepo, nduna zonse zikumva.

Jochi anadzuka n'kumugwira pakhosi pa malaya. Anthu anawaleretsa. Mfumu inakhala chete. Nkhalamba ina, imene inkalangiza Chagatai, ndiyo inayankhula. Sinakambe za mpando. Inakamba za Börte. Inamukumbutsa kuti masiku amenewo dziko linali pankhondo, munthu sankagona pamphasa yake. Amayi ake sanathawire mwamuna wina, anachita kugwidwa. Inamufunsa ngati iye ndi Jochi sanatuluke m'mimba imodzi. Waona? Chagatai ankayesa kuti akulasa mkulu wake. Muvi unakabaya amayi ake omubereka. Iwenso dzulo unkayesa kuti ukunyoza achimwene ako. Amene sanadye nsima usiku wathawu ndi amayi ako.

Kenako Genghis Khan anayankhula mwachidule. Anati Jochi ndi mwana wake woyamba, ndipo mawu otere asadzamvekenso. Chagatai anabweza mawu. Koma madzi akatayika saoleka. Awiriwo sakanathanso kugwadirana. Anagwirizana zoti mpando upite kwa wachitatu, Ögedei, munthu wofatsa ndi wopatsa. Chagatai anamulepheretsa mkulu wake, koma iyenso sanaulawe ufumuwo. Kunena kwa ndithendithe, nanthambwe anadzitengera.

Zotsatira zake sizinachedwe. Pozinga mzinda wa Urgench, awiriwo anakangananso mpaka nkhondo inaima. Bambo awo anachita kutumiza Ögedei kuti akawalamulire onse. Mzindawo utagwa mu 1221, Jochi analowera kumsipu wake wakutali kumadzulo. Sanabwererenso kwa bambo ake ku Mongolia. Anamwalira komweko bambo akewo akadali moyo. Genghis Khan anatsatira mu 1227. Ögedei analowa ufumu mu 1229, namanga mzinda wa Karakorum.

Mwina ukuti nkhani yathera apa, poti onyozana aja wina wapita. Ayi ndithu. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Ana amamva zimene akulu amanong'ona, ndipo amazisunga kuposa akuluwo. Jochi anasiya mwana, Batu. Ameneyu ndiye anatsogolera nkhondo yakumadzulo kuyambira 1236, imene inagwetsa Kyiv mu 1240 n'kukafika ku Hungary. Ali paulendowo anachita phwando. Batu, monga wamkulu, anayamba kumwa. Güyük mwana wa Ögedei, ndi Büri mdzukulu wa Chagatai, anapsa mtima. Anamutukwana pagulu, namuyerekeza ndi nkhalamba yaikazi, n'kuchoka paphwandopo. Ine ndikaiona nkhaniyi ndimati chipongwe chimenecho sanachiyambe okha. Anachiyamwira kunyumba. Batu sanabwezere tsiku limenelo. Anangotumiza dandaulo kwa Ögedei n'kudikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ögedei anamwalira mu 1241, mowa utamufooketsa. Mkazi wake Töregene anagwirizira mpando zaka zisanu, mpaka anamukhazikapo Güyük mu 1246. Batu sanapite kukalonga ufumuwo. Mu 1248 Güyük ananyamuka ndi asilikali kulowera kumadzulo, kumene kunali Batu. Anafera panjira. Linda madzi apite ndipo uziti ndadala.

Pali mayi wina amene ndimafuna atsikana a pakhomo pano amudziwe. Dzina lake Sorghaghtani, mkazi wa Tolui, wamng'ono uja. Anali wa a Kereit, mwana wa m'bale wake wa Toghrul, ndipo anali Mkhristu. Mwamuna wake anamwalira mu 1232. Ögedei anafuna kuti Güyük amulowe chokolo. Mayiyu anakana mwaulemu, nati akufuna kulera ana ake. Anawalera anayi, Möngke, Kublai, Hulagu ndi Ariq Böke. Sananyoze nyumba ya Jochi. Güyük atanyamuka ndi asilikali aja, ndi mayi ameneyu anatumiza mthenga mwamseri kukamuchenjeza Batu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Nthawi itakwana, Batu anaika dzanja lake pa Möngke. Mu 1251 ufumu unachoka kunyumba ya Ögedei n'kupita kunyumba ya Tolui. Mwana wa mlendo uja ndiye anasankha mfumu.

Zimene zinatsatira n'zomvetsa chisoni. Möngke anasesa a nyumba ya Ögedei ndi ya Chagatai amene anamutsutsa. Ambiri anaphedwa, ena anapirikitsidwa. Mkazi wamasiye wa Güyük anamumiza m'madzi. Büri, wotukwana paphwando uja, anamupereka m'manja mwa Batu, ndipo Batu anamupha. Panali patapita zaka zoposa khumi chichitikireni phwandolo. Sindikuti Batu anachita bwino. Ndikungokuonetsa kutalika kwa ulendo umene mawu amayenda.

Banja likazolowera kung'ambika, silisankhanso pong'ambikira. Möngke atamwalira mu 1259, Kublai ndi Ariq Böke, a bere limodzi, anamenyana zaka zinayi mpaka 1264. Mayi awo wanzeru uja anali atapita kale, panalibenso wozimitsa. Akulu ndi m'dambo mozimira moto. Mu 1262 Berke, mwana wina wa Jochi, amene analowa Chisilamu, anathira nkhondo Hulagu, yemwe anagwetsa Baghdad mu 1258. Berke anafika pogwirizana ndi mafumu a ku Egypt kuti alimbane ndi m'bale wake. Kaidu, mdzukulu wa Ögedei, analimbana ndi nyumba ya Kublai mpaka imfa yake mu 1301. Panalibe mfumu yakunja imene ikanathyola mtolo umenewo. Anaumasula okha. Timati chibale ndi fupa, sichiola. N'zoona. Koma fupa limathyoka, ndipo likathyoka limabaya mnofu wa mwini wake.

Ndikuuze chomaliza cha anthu amenewa. Ufumu wa ana a Hulagu ku Persia unasweka pambuyo pa 1335. Ana a Kublai anapirikitsidwa ku China mu 1368. Koma zidzukulu za Jochi zinalamulabe ku Crimea mpaka 1783, pamene Russia inalanda dzikolo. Timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mlendo ameneyu sanakamuke. Amene ankamuti si wa pakhomo ndi amene anasunga dzina la pakhomopo zaka mazana asanu.

Tsopano ndiyang'ane. Bambo ako anali mwana wanga. Achimwene akowo anawalandira ali khanda lofiira, ndipo dzina ndinawatcha ndine, pakhonde lomweli. Bambo ako anawalipirira sukulu, anawaphunzitsa kumanga ng'ombe pagoli, ndipo podwala paja ndi iwo ankawatembenuza pamphasa iwe uli kutauni. Sindinawamvepo bambo ako akuwerenga miyezi. Chimene iwo anatseka ali moyo, iwe sungachitsegule iwo ali m'manda. Ng'ombezo zidzakalamba, ngoloyo idzachita dzimbiri. Koma ana ako ndi ana a achimwene ako adzakumana pamaliro ndi pamaukwati zaka zambiri ine nditapita. Zimene wanena dzulo adzazipeza zikuwadikira.

Ndikudziwa kuti pepani sapoletsa chilonda. Komabe chilonda chosatsuka ndicho chimanyeka. Mawa m'mawa, ng'ombe zisanatuluke, uyambe wapita kwa amayi ako. Ukagwade pakhomo, osati kuima. Usakafotokoze zambiri, usakatchule za ngolo. Ukachoka apo upite pakhola pomwe paja. Uitane anthu onse amene anamva dzulo, pasasowe ndi mmodzi yemwe. Unanyoza pagulu, ukabweze pagulu. Ukawatchule achimwene ako ndi mfunda wa bambo ako, mokweza, kuti ndi ana omwe amve. Akakana kukuyankha, usakwiye. Udzapitenso mkuja.

Za ng'ombe ndi ngolo tidzakamba Loweruka. Ndiitana azakhali ako, abambo ako aang'ono ndi amalume ako. Tidzakhala pansi pa mtengo wa mango uwo. Woyamba kuyankhula adzakhala achimwene ako, chifukwa ndiwo oyamba kubadwa pakhomo pano.